Ndani ali ndi mawu omaliza pa utsi wa galimoto ku America?

Kumapeto kwa Novembala 2023, komiti ya aphungu 14 a m'chigawo cha Connecticut ku United States inkayembekezeka kukumana kuti ivomereze kapena kukana malamulo atsopano okhudza magalimoto, otengedwa ku chigawo cha California. Malamulowo ankati pofika chaka cha 2035, galimoto yatsopano iliyonse yogulitsidwa m'chigawocho ikhale yamagetsi, kupatula zochepa zophatikiza batire ndi petulo. Bwanamkubwa Ned Lamont ankawafuna, ndipo chipani chake cha Democratic chinali ndi aphungu ochuluka m'nyumba ya malamulo. Koma komiti imeneyi ili ndi kakhalidwe kakekake: mipando yake imagawidwa pakati ndi pakati, 7 a Democratic, 7 a Republican. A Republican anali atanena kale kuti toto, ndipo ena a Democratic anayamba kugwedezeka. Ataona kuti mavoti sakukwana, Lamont anabweza malamulowo komiti isanavote n'komwe.

Tsiku limenelo panalibe amene ankatsutsa zoti utsi wa galimoto umadwalitsa. Mkangano unali wakuti chigamulo chachikulu chonchi achipange ndani: akatswiri a m'maofesi a boma, kapena aphungu amene anthu anawasankha? Funso limeneli lazungulira m'zigawo zambiri za dzikolo, mpaka mu 2025 linakafika ku Washington. Kuti timvetse chifukwa chake likuvuta kuyankha, tiyenera kuyambira ku California.

United States ili ndi zigawo 50, chilichonse ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo ndi makhoti ake, ndipo pamwamba pa zonse pali boma lalikulu la ku Washington. Pa nkhani ya utsi wa magalimoto atsopano, lamulo la dziko lonse lotchedwa Clean Air Act limaletsa zigawo kupanga malamulo awoawo. Chifukwa chake n'chomveka: kampani yopanga magalimoto singakwanitse kukonza injini za mitundu 50 kuti isangalatse chigawo chilichonse. Chigawo chimodzi chokha ndicho chinasiyidwira khomo.

Mzinda wa Los Angeles uli m'chidikha chozunguliridwa ndi mapiri, dzuwa limaomba kwambiri, ndipo mphepo sichotsa msanga mpweya woipa. Mu Julayi 1943 chifunga chowawa m'maso chinakuta mzindawo, mwakuti anthu ena ankaganiza kuti adani pa nkhondo aponya mpweya wapoizoni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, katswiri wa sayansi wa pa yunivesite ya Caltech, Arie Haagen-Smit, anasonyeza kuti chifungacho chimapangika pamene dzuwa laotcha mpweya wotuluka mu ekizozi ya galimoto ndi m'mafakitale oyenga mafuta. California inayamba kuika malire pa utsi wa ekizozi ndi magalimoto a 1966, ndipo mu 1967 Bwanamkubwa Ronald Reagan anasaina lamulo lokhazikitsa bungwe la California Air Resources Board, lomwe onse amangoliti CARB. Choncho pamene Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, inkatsekera zigawo khomo m'chaka chomwecho, California inali itayamba kale ulendo, ndipo inaloledwa kupitiriza.

Chilolezocho sichobwera chokha. Nthawi iliyonse California ikakonza malamulo atsopano, imapempha chilolezo chapadera ku Environmental Protection Agency, kapena kuti EPA, nthambi ya boma lalikulu yoona za chilengedwe. Komabe lamulo linalembedwa mokondera California. EPA imayenera kuvomera pokhapokha itapeza chimodzi mwa zinthu zitatu: kuti California yalakwitsa moonekeratu ponena kuti malamulo ake amateteza anthu mosachepera pa a dziko lonse, kuti chigawocho chilibe vuto lapadera lofunika malamulo akeake, kapena kuti zomwe chikufuna n'zosatheka kuzipanga m'nthawi yomwe chapereka. Pa zaka zoposa 50, zilolezo zoterezi zaperekedwa maulendo opitirira 100.

Mu 1977 Congress inawonjezera gawo 177 ku lamulo la Clean Air Act, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Gawoli limalola zigawo zina kusankha malamulo a California m'malo mwa a dziko lonse. Koma pali zofunika ziwiri. Malamulowo akhale ofanana ndendende ndi a California, ndipo akhazikitsidwe kutatsala zaka ziwiri kuti magalimoto okhudzidwa ayambe kutuluka. Chigawo sichingatenge mbali yomwe yachikomera n'kusintha manambala a mbali ina. Mu 1990 Congress inatsindikanso kuti pasapezeke galimoto ya mtundu wachitatu: pali ya California, pali ya dziko lonse, basi.

Taganizirani tanthauzo la zimenezi kwa phungu wa ku Vermont kapena New Mexico. Ntchito yomwe phungu amaidziwa bwino ndi kukambirana, kusintha mawu apa, kuchotsa ndime apo, mpaka mbali zonse zigwirizane. Pa nkhani iyi ntchito imeneyo palibe. Manambala amalembedwa ku Sacramento, likulu la California, ndi bungwe lomwe anthu a m'chigawo chake sangalichotse pa mpando. Chimene chimamutsalira ndi inde kapena ayi, mwinanso kusankha chaka choyambira ndi chaka cholekezera.

Mmene aphungu anadzimangira okha

M'maboma ambiri, aphungu amapanga lamulo lalikulu lonena cholinga, kenako amasiyira nthambi ya boma kulemba malamulo aang'ono onena tsatanetsatane. Palibe cholakwika pamenepa. Phungu sangakhale katswiri wa magalamu a utsi pa mtunda uliwonse womwe galimoto yayenda. Zigawo zingapo zinapita patsogolo pang'ono: zinalemba m'lamulo kuti nthambi yoona za chilengedwe izitsata California ndi kusintha malamulo ake California ikasintha. Connecticut inachita zimenezi mu 2004, ndipo aphungu a zipani zonse ziwiri anavomera.

Nthawi imeneyo kutsata California kunkatanthauza ekizozi yoyera kuposa ya kale, chinthu chomwe wogula galimoto sankachiona n'komwe. N'zoona kuti CARB inali itayesapo kale kukakamiza magalimoto amagetsi: mu 1990 inalamula kuti 2 pa 100 alionse a magalimoto atsopano akhale osatulutsa utsi pofika 1998, ndi 10 pa 100 pofika 2003. Makampani anakana kwamtuwagalu, mabatire a nthawiyo anali ofooka, ndipo mu 1996 bungweli linafewetsa lamulolo. Anthu ambiri anaiwala.

Zinthu zinasintha mu Seputembala 2020 pamene Bwanamkubwa Gavin Newsom analamula kuti pofika 2035 magalimoto onse atsopano onyamula anthu ogulitsidwa ku California akhale osatulutsa utsi. Pa 25 Ogasiti 2022 CARB inavomereza malamulo otchedwa Advanced Clean Cars II. Makwerero ake ndi awa: 35 pa 100 kwa magalimoto a 2026, 68 pa 100 kwa a 2030, ndi onse kwa a 2035. Gawo limodzi mwa magawo asanu likhoza kukhala magalimoto ophatikiza batire lotchaja ndi petulo, bola aziyenda pafupifupi mamailosi 50 pa batire lokha. Udindo uli pa kampani yopanga magalimoto, osati pa mwini galimoto. Yemwe ali ndi galimoto ya petulo akhoza kupitiriza kuiyendetsa, kuigulitsa, kapena kugula ina yogwiritsidwapo kale ntchito. Kampani yomwe yapyola mlingo imapeza mapointi omwe ikhoza kugulitsa kwa kampani yotsalira.

Ngakhale zili choncho, kusiyana kwake n'kwakukulu. Phungu amene mu 2004 anavomera kutsata California sankaganiza kuti akuvomera kutha kwa injini ya petulo. Apa otsutsa ali ndi mfundo yeniyeni, ndipo ine ndikuona kuti n'kulakwa kuingoyankha kuti lamulo linalembedwa kale. Komanso tisamawamvere chisoni kwambiri aphungu. Lamulo loti "tsatani California" linkawakomera chifukwa linkawapatsa mbiri yoteteza chilengedwe popanda kuponya voti yowawa chaka ndi chaka. Zitavuta, ambiri anayamba kuloza chala akatswiri a m'maofesi ngati mphamvuzo akatswiriwo anachita kuba.

Zigawo 11 pamodzi ndi mzinda wa Washington zinatenga Advanced Clean Cars II. Massachusetts, New York, Oregon, Vermont ndi chigawo cha Washington zinasankha kuyambira magalimoto a 2026. Zina monga Maryland, New Jersey ndi Rhode Island zinasankha 2027. Colorado, Delaware ndi New Mexico zinagwiritsa ntchito kampata kokhako kamene kalipo: zinatenga malamulowo mpaka 2032 pokha, pamene mlingo umafika 82 pa 100, osafika pa chiletso chathunthu.

Nkhani ya ku Maine ndi yomwe imandisangalatsa kwambiri, chifukwa imaonetsa mmene mawu awiri a m'buku la malamulo angasinthire zonse. Kumeneko malamulo aang'ono amagawidwa pawiri. Pali omwe amaonedwa ngati wamba a zaukatswiri, omwe nthambi ya boma imawakhazikitsa yokha, ndiye pali akuluakulu, omwe sayamba kugwira ntchito aphungu asanawaone. Malamulo a utsi wa galimoto anali m'gulu loyamba. Palinso lamulo loti anthu ovota 150 akasaina pempho, nthambi ya boma iyenera kuyamba kuunika lamulo lomwe akufunalo. Mabungwe oteteza chilengedwe anasonkhanitsa masiginecha amenewa mu 2023, ndipo nkhaniyi inapita ku Board of Environmental Protection, bungwe la anthu osankhidwa ndi bwanamkubwa. Voti inayenera kuchitika mu Disembala, koma mphepo yamkuntho inagwetsa mawaya ndi kusiya anthu ochuluka mumdima, mwakuti msonkhano unaimitsidwa. Otsutsa sanachedwe kufunsa kuti munthu akanatchaja bwanji galimoto sabata imeneyo. Ochirikiza anayankha kuti mapampu a petulo nawonso amaima magetsi akazima, ndiponso kuti mikuntho yotereyi ndi imene malamulowo akufuna kuchepetsa. Mu Malichi 2024 bungwelo linakana pa mavoti 4 kwa 2, ndipo m'chaka chomwecho aphungu anasamutsa malamulo a utsi wa galimoto kupita m'gulu lachiwiri. Kuyambira pamenepo, mawu omaliza ndi a nyumba ya malamulo.

Ku Minnesota aphungu anagwiritsa ntchito zida zina. Boma la Bwanamkubwa Tim Walz linakhazikitsa malamulo akale a California mu 2021 kudzera ku nthambi yoona za kuipitsidwa kwa chilengedwe. A Republican, omwe ankalamulira Senate ya chigawocho, imodzi mwa nyumba zake ziwiri za malamulo, analibe njira yothetsera malamulowo mwachindunji, choncho anaopseza kuti agwira bajeti ya zachilengedwe. Mu Julayi chaka chomwecho mkulu wa nthambiyo, Laura Bishop, anatula pansi udindo Senate itatsala pang'ono kumuchotsa. Malamulowo anakhalabe, ndipo ogulitsa magalimoto atawatengera kukhoti analuza mu 2023. Thumba la ndalama ndi mphamvu yovomereza osankhidwa pa maudindo ndi zida zakale za aphungu, koma zimapweteka munthu kusiyana ndi kukonza lamulo.

Virginia inaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Kumeneko aphungu enieniwo ndi amene anapanga lamulo lotsata California mu 2021. Chaka chomwecho chisankho chinabweretsa bwanamkubwa wa Republican, Glenn Youngkin, yemwe ankadandaula kuti anthu a ku Virginia akulamulidwa ndi akuluakulu osasankhidwa a chigawo china. Chipani chake chinayesa kufafaniza lamulolo, koma Senate ya a Democratic inakana. Mu Juni 2024 mlangizi wamkulu wa chigawocho pa zamalamulo, Jason Miyares, anatanthauzira kuti lamulo la 2021 silikakamiza Virginia kutenga malamulo atsopano a California, ndipo Youngkin analengeza kuti chigawocho chituluka kumapeto kwa chaka. Ndiye kuti amene ankafuula kuti chigamulo chikhale cha anthu osankhidwa anadutsa kumbali kwa nyumba ya malamulo itawakanira.

A m'zigawo zotsata California nawonso sanachite mosiyana kwenikweni. Madzi atafika m'khosi mu 2025, malonda a magalimoto amagetsi ali kutali ndi 35 pa 100, abwanamkubwa ndi amene anaimitsa zilango okha: Wes Moore ku Maryland mu Epulo, Phil Scott ku Vermont mu Meyi. Ku California komwe, magalimoto amagetsi anali pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a magalimoto atsopano, pamene m'dziko lonse oyendera batire lokha sanafike 10 pa 100. Lamulo linakhalabe pa pepala, koma mano analichotsa. Nditaona zonsezi, ndimavutika kukhulupirira aliyense wonena kuti akumenyera ulemu wa nyumba ya malamulo. Ambiri amaikumbukira nyumbayo pamene akudziwa kuti mavoti ali mbali yawo.

Congress ilowerera

Zilolezo za California zinali zitagwedezekapo kale, koma nthawi zonse wogwedeza anali pulezidenti kudzera ku EPA. Boma la George W. Bush linakana chilolezo cha malamulo a mpweya wotenthetsa dziko kumapeto kwa 2007, la Barack Obama linapereka mu 2009, la Donald Trump linalanda mu 2019, la Joe Biden linabwezera mu 2022. Njira imeneyi ndi yochedwa. Pamafunika kulengeza, kumva maganizo a anthu, kupereka zifukwa, kenako kukadziteteza kukhoti.

Mu Disembala 2024, kutatsala mwezi umodzi kuti Biden achoke, EPA inapereka chilolezo cha Advanced Clean Cars II. Boma latsopano la Trump linasankha njira yachidule. Pali lamulo la 1996 lotchedwa Congressional Review Act, lomwe limalola Congress kufafaniza lamulo laling'ono latsopano la nthambi ya boma pasanathe masiku pafupifupi 60 a zokambirana. Ubwino wake kwa ofuna kufafaniza ndi wakuti ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress, sipafunika mavoti 60 omwe nthawi zambiri amafunika kuti mtsutso utsekedwe; opitirira theka akukwanira. Pulezidenti akasaina, nthambiyo imaletsedwa kutulutsanso lamulo lofanana kwenikweni ndi lomwe lafafanizidwa, ndipo lamuloli limachepetsa mpata woti makhoti aunike zomwe zachitika. Kwa zaka 20 zoyambirira linagwira ntchito kamodzi kokha, mu 2001. Mu 2017 linagwiritsidwa ntchito maulendo oposa 10.

Vuto linali limodzi. Congressional Review Act imakhudza malamulo, ndiye kodi chilolezo ndi lamulo? EPA yeniyeniyo, pansi pa mapulezidenti a zipani zonse, inkanena kuti ayi: chilolezo ndi chigamulo pa pempho la wopempha mmodzi, ngati mmene ofesi imaperekera laisensi. Mu Febuluwale 2025 mkulu watsopano wa EPA, Lee Zeldin, anasintha maganizo amenewa n'kutumiza ku Congress zilolezo zitatu ngati malamulo: cha magalimoto ang'onoang'ono, cha malole osatulutsa utsi, ndi cha utsi wa injini zikuluzikulu za dizilo. Ofesi ya Government Accountability Office, yomwe imafufuza zinthu m'malo mwa Congress ndipo sili mbali ya chipani chilichonse, inanena mu Malichi kuti zilolezozo si malamulo. Mlangizi wa Senate pa kayendetsedwe ka zokambirana, Elizabeth MacDonough, anagwirizana nayo.

A Republican anali ndi yankho lomwe si lopanda nzeru. Anati chilolezo chomwe chimatsegula khomo kuti zigawo zina zambiri zitsate, n'kusintha msika wa magalimoto wa dziko lonse, sichingatchedwe nkhani ya wopempha mmodzi. Pa 1 Meyi 2025 nyumba ya House of Representatives inavomera kufafaniza chilolezo cha Advanced Clean Cars II pa mavoti 246 kwa 164, ndipo a Democratic 35 anavota limodzi ndi a Republican. Nambala imeneyi ikusonyeza kuti nkhawa sinali ya chipani chimodzi. Ku Senate, mtsogoleri wa a Republican John Thune anapewa kutsutsa mlangiziyo maso ndi maso. Anachititsa mavoti angapo okhudza kayendetsedwe ka nyumbayo kuti maseneta okha agamule kuti nkhaniyi ikuloledwa. A Democratic anati kumeneko n'kuthyola mwambo kodutsira khomo la kuseri, ndipo anachenjeza kuti tsiku lina iwonso adzadutsira pomwepo. Pa 22 Meyi Senate inavomera pa mavoti 51 kwa 44. Seneta mmodzi yekha wa Democratic, Elissa Slotkin wa ku Michigan, kuchimake kwa makampani a magalimoto, ndi amene anavota inde. Trump anasaina pa 12 Juni, ndipo tsiku lomwelo California ndi zigawo zina 10 zinakasuma kukhoti.

Munthu akhoza kunena kuti apa ndiye aphungu agwira ntchito yawo, popeza anthu osankhidwa avota poyera. Mbali ina n'zoona. Koma taonani chimene sichinachitike. Congress sinasinthe gawo 209 kapena gawo 177 la Clean Air Act, pomwe mphamvu za California zinachokera. Kuchita zimenezo kukanafuna mavoti 60 ndi kukambirana kwenikweni za funso lovuta: kodi chigawo chomwe mpweya wake uli m'gulu la woipitsitsa m'dzikolo, makamaka ku Los Angeles ndi ku chigwa cha San Joaquin, chiloledwe kupita patsogolo mpaka pati, ndipo chikokere anzake mpaka pati? Funsolo lidakali pomwepo. Ndiponso voti ya ku Washington inalanda chisankho m'manja mwa nyumba za malamulo za m'zigawo zomwe zinali zitasankha dala kutsata California. Kuunika kwa aphungu a pamwamba kunafafaniza kuunika kwa aphungu a pansi.

Pali chinthu china chomwe mikangano ya pa wailesi imachidumpha, nkhani ya nthawi. Kupanga galimoto ya mtundu watsopano kumatenga zaka zingapo, kumanga fakitale ya mabatire ndi kukoka mawaya a malo otchajira chimodzimodzi. N'chifukwa chake gawo 177 linaika zaka ziwiri zochenjezeratu. Voti ya aphungu yochitika lamulo lisanayambe, monga zinayenera kukhalira ku Connecticut kapena monga Maine inakonzera mu 2024, imawawa kwa ochirikiza magalimoto amagetsi, koma aliyense amadziwa pomwe waima. Ndipo lamulo lomwe aphungu aliponyera voti poyera limavuta kuligwetsa, chifukwa palibe anganene kuti sanafunsidwe. Chimene chimaononga ndalama, za makampani ndi za ogula, ndi kutembenuka kwa zaka zinayi zilizonse. Mu 2025 kutembenukako kunabwera kawiri: patapita milungu itatu zilolezo zitafafanizidwa, lamulo la misonkho lomwe Trump anasaina pa 4 Julayi linathetsanso chithandizo cha madola 7,500 kwa ogula galimoto yamagetsi yatsopano, kuyambira kumapeto kwa Seputembala.

Ku California komweko, aphungu anayamba kale kudandaula kuti CARB yakula mphamvu. Mu 2016 anapanga lamulo loika aphungu awiri m'bungweli, ngakhale alibe voti, ndiponso anakhazikitsa komiti ya nyumba zonse ziwiri yoyang'anira ntchito zokhudza kusintha kwa nyengo. Mamembala ambiri ovota amasankhidwabe ndi bwanamkubwa, ndipo chaka cha 2035 chinayambira pa siginecha yake, osati pa voti ya nyumba ya malamulo.

Tsiku lomwe Trump ankasaina, Newsom naye anasaina chikalata chouza CARB kuyamba kukonza malamulo ena atsopano. Akadzatha, adzafunika chilolezo cha EPA monga mwa nthawi zonse, ndipo padzabuka funso loti kodi chilolezo chatsopanocho n'chofanana kwenikweni ndi chomwe Congress inafafaniza. Lamulo la 1996 silinafotokoze kuti kufanana kwenikweni kumayambira pati.